Mmene mungalankhulire pa msonkhano kuti anthu ayambe kugwiritsa ntchito framework ya open source

Framework ya open source, kutanthauza maziko okonzedwa kale omangirapo mapulogalamu a kompyuta, amene code yake ili poyera kuti aliyense aione ndi kuigwiritsa ntchito, nthawi zambiri ilibe munthu wolipidwa kuti aziitsatsa. Simudzaona chikwangwani chake m'mbali mwa msewu wa M1, simudzaimvanso pa wailesi nkhani za masana zikatha. Imafalikira chifukwa wina amene amaigwiritsa ntchito waimirira kutsogolo kwa anzake n'kuwaonetsa zimene imachita. Ruby on Rails inatchuka chonchi. Mu 2005 woiyambitsa, David Heinemeier Hansson, anaonetsa akumanga kawebusayiti kolembapo nkhani mu mphindi 15 zokha, ndipo anthu ochuluka zedi anayamba kuiyesa ataona kanema ameneyo.

Ine ndimamanga mawebusayiti ndi Django, framework yolembedwa m'chilankhulo cha kompyuta cha Python, kuno ku Lilongwe, ndiye zitsanzo zanga ndi za Django. Ngati yanu ndi Laravel, Rails kapena ina, njira yake ndi yomweyi, mungosintha zolemba pa terminal. Chimene ndaona poimirira m'maholo a mumzinda muno n'chakuti anthu satengeka ndi kutamanda. Amatengeka akaona vuto limene amalidziwa likutha iwo akuyang'ana, ndipo amakhalabe nanu ngati atuluka m'holomo chinthucho chili kale pa laputopu yawo. Masitepe onsewa alunjika pamenepo.

1. Lembani chimene mukufuna kuti chichitike Lolemba

Musanatsegule PowerPoint, tengani pepala mulembe chiganizo chimodzi choyankha funso ili: munthu amene wandimvera Lachisanu akachite chiyani Lolemba m'mawa? "Aidziwe Django" si yankho, chifukwa simudzadziwa ngati zachitikadi. Yankho ndi longa ili: "Aike Django pa laputopu yake, alembe model imodzi (code yofotokoza zimene zisungidwe mu database), aione ikuyenda pa browser." Ngati omvera ndi mabwana, likhoza kukhala lakuti: "Alole ana ake a IT kuyesa Django pa kantchito kamodzi ka mu ofesi." Pepalalo mulimate pakhoma. Chilichonse chimene mungafune kuika m'nkhani yanu chidutse kaye pa chiganizo chimenechi, ndipo chosathandiza kufika pamenepo chitsale, ngakhale chitakukomerani bwanji.

2. Dziwani amene adzakhale m'mipando

Misonkhano ya zaukadaulo mu Lilongwe muno si yofanana, ndipo nkhani imene ingasangalatse kwina ikhoza kugwetsa anthu mphwayi kwina. Ikuluikulu, monga imene bungwe la akatswiri a ICT la ICTAM limakonza kapena yochitikira ku BICC, kumachuluka akuluakulu a makampani, a mabanki, a boma ndi a mabungwe. Amenewa safuna kuona mizere ya code. Akufuna kudziwa mtengo, chitetezo, ndiponso amene adzakonze chinthucho woyamba uja akasiya ntchito. Ing'onoing'ono, monga yochitikira ku mHub, malo a zaukadaulo amene Rachel Sibande anayambitsa, kapena ya magulu a ophunzira ku Bunda ndi m'makoleji ena, kumabwera anthu onyamula zikwama za laputopu. Amenewa mukachedwa kuonetsa code amayamba kusewera pa foni.

Ndinaphunzira izi tsiku lina nditakonzekera code ya mphindi 25, n'kupeza kuti ambiri m'holomo anali oyang'anira mapulojekiti a zaumoyo, anthu okhalira pa Excel. Anandimvera mwaulemu, koma palibe anafunsa funso ngakhale limodzi, ndipo ndinabwerera kunyumba mtima uli zii. Chichokereni tsiku limenelo ndimamuimbira foni wokonza msonkhano sabata ziwiri tsikulo lisanafike. Ndimafunsa kuti akubwera anthu angati, amagwira ntchito zanji, adzakhala ndi ma laputopu kapena ayi, pulojekita yake ndi yolowetsa HDMI kapena VGA, ndipo ndilankhula nthawi yanji. Safunsa anadya phula.

Kwa omvera a masuti aja, muwakumbutse kuti open source si mlendo kuno. Unduna wa zaumoyo umasonkhanitsa malipoti a zipatala kudzera mu DHIS2, imene ndi ya open source ndipo imatsogoleredwa ndi University of Oslo. A Baobab Health Trust, amene ntchito yawo inayambira pa chipatala cha Kamuzu Central momwe muno kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000, anamanga pulogalamu ya makompyuta odina pasikirini yosungira mbiri ya odwala olandira ma ARV pogwiritsa ntchito Ruby on Rails. Bwana akamva kuti chinthu cha mtundu umenewu chagwira kale ntchito m'zipatala za dziko lino, amakhala tsonga.

Ngati n'koyamba kulankhula pagulu, yambani ndi kamsonkhano kakang'ono, kapena pemphani mpata wa mphindi 5 umene amautcha lightning talk.

3. Lembani pempho

Misonkhano ikuluikulu ya kunja imalengeza nthawi yotumiza mapempho miyezi ingapo isanachitike. PyCon Africa yoyamba inachitikira ku Accra mu 2019, ndipo DjangoCon Africa yoyamba inali ku Zanzibar mu Novembala 2023. Misonkhano yotere imakhalanso ndi fomu yopemphera thandizo la ulendo, ndipo mudzaze mafomu onse awiri tsiku limodzi, osadikira kuti akuvomereni kaye. Ya kuno kwathu nthawi zambiri ilibe fomu. Mumalemba kalata yaifupi kapena uthenga wa WhatsApp kwa wokonza, kukadali mwezi umodzi kapena iwiri, pulogalamu isanasindikizidwe.

Mutu wa nkhani ndi umene umakupezerani malo. Mutu wakuti "Introduction to Django" wokonza wauona kambirimbiri. Wakuti "Kaundula wa banki m'khonde mu mphindi 20, popanda intaneti" amauwerenga kawiri. Pansi pake mulembe ziganizo zinayi kapena zisanu: vuto ndi liti, mudzamanga chiyani anthu akuona, omvera afunika kudziwa kale chiyani, ndipo adzatuluka ndi chiyani m'manja. Dzina la kampani yanu litchulidwe kamodzi, podzidziwitsa. Anthu akanunkhiza kuti mwabwera kudzasaka makasitomala, amasiya kumvera za framework.

4. Mangani chitsanzo cha kwathu kuno

Apa ndi pamene pagona nkhani yonse, ndiye muthere nthawi yambiri apa. Zitsanzo za pa intaneti zimakonda sitolo yogulitsa mabuku kapena mndandanda wa ntchito za tsiku. Zimagwira, koma sizikhudza munthu. Sankhani chinthu chimene aliyense m'holomo anakangana nachopo: kaundula wa fizi pa sukulu ya mkaka, ndandanda ya matumba a chimanga olowa ndi otuluka mu golosale, zopereka za pa mpingo. Ine chimene chimandigwirira ntchito kwambiri ndi banki m'khonde. Palibe amene sadziwa kope la msungichuma, masamba opindika m'makona, manambala ofufutidwa ndi bolopeni, ndi mkangano wa mu Disembala pogawana.

Yambani ndi kopelo. Lipezeni lenileni, lachabe, mulembemo mayina opeka, mulikweze m'mwamba. Kenako muyambe kumanga. Pa terminal mulembe `django-admin startproject banki`, mulowe m'foda imeneyo, mulembe `python manage.py startapp kaundula`, muilembetse mu settings, ndipo mu `models.py` mulembe izi anthu akuona:

```
class Membala(models.Model):
    dzina = models.CharField(max_length=80)
    dera = models.CharField(max_length=80)

class Ngongole(models.Model):
    membala = models.ForeignKey(Membala, on_delete=models.PROTECT)
    ndalama = models.DecimalField(max_digits=12, decimal_places=2)
    tsiku_lobweza = models.DateField()
    yabwezedwa = models.BooleanField(default=False)
```

Mayina a zinthu muwalembe m'Chichewa dala. Munthu amene sanalembepo code akaona mawu akuti `tsiku_lobweza` pasikirini, mantha amachepa, amayamba kuwerenga nanu. Kenako `makemigrations`, `migrate`, `createsuperuser`, mulembetse ma model awiriwo mu `admin.py`, ndipo `runserver`. Mukatsegula 127.0.0.1:8000/admin, pamatuluka tsamba lolowera ndi password, malo olembetsera mamembala, malo olembera ngongole. Database simunaike ina, chifukwa Django imayamba ndi SQLite. Apa mukhale chete pang'ono, anthu aone okha.

Pali tinthu tiwiri timene tidzaoneke moseketsa, ndipo musatibise. Django idzalemba "Membalas" ndi "Ngongoles" potsata kachulukitsidwe ka Chingerezi. M'holo mudzamveka phokoso. Konzani pomwepo ndi `verbose_name_plural = "Mamembala"` mkati mwa `class Meta`, ndipo mwawaphunzitsa kanthu kamene sadzaiwala. Kachiwiri, dzina la membala lidzaoneka ngati "Membala object (1)" mpaka mutalemba `__str__` yobweza dzina lake. Mizere iwiri basi. Mukatero muwonjezere `list_filter` pa `yabwezedwa` ndi `search_fields` pa dzina, kuti anthu aone msungichuma akupeza onse amene sanabweze podina kamodzi.

Mawu aja akuti `PROTECT` sindinawaike mwangozi. Pa kamsonkhano kena, mayi wina amene anakhala mzere wachiwiri, atakumbatira chikwama pamiyendo, anaimika dzanja nati: "Achimwene, tayesani kumuchotsa m'kaundula uyo wangongoleyo, tione." Ndinadina pofufutira. Django inakana, n'kulemba kuti membalayo sangachotsedwe chifukwa pali ngongole yomangirira pa dzina lake. Mayiwo anawomba m'manja kamodzi n'kutembenukira kwa mnzawo: "Kwathu zikanakhala chonchi, ndalama zija sizikanapita." Kuyambira pamenepo, ngati palibe wafunsa, ndimapempha ine kuti wina andiuze woti ndimuchotse.

Mbiri ya framework ikhale yaifupi ndipo ibwere pamene ikufotokoza zimene anthu angoona. Akadabwa kuti tsamba la admin lachokera kuti, ndi pamene mumawauza kuti Django inabadwira mu nyuzipepala ya Lawrence Journal-World ku Kansas, kumene Adrian Holovaty ndi Simon Willison anayamba kuilemba mu 2003, ndipo inatulutsidwa poyera mu 2005. Atolankhani ankafunika malo olowetsera nkhani mwachangu popanda kudikira wolemba code, ndiye admin inakhalamo kuyambira pachiyambi.

Chenjezo limodzi lalikulu: musaonetse data yeniyeni ya kuntchito kwanu, ngakhale itakhala yokongola bwanji. Mayina, manambala a foni ndi ngongole za anthu si zoika pa pulojekita, ndipo dziko lino lili ndi lamulo loteteza zinsinsi zotere, Data Protection Act ya 2024. Pekani mayina onse.

5. Konzekerani ngati kuti intaneti ndi magetsi kulibe

Wi-Fi ya pa malo a msonkhano imayenda bwino m'mawa musanadzaze. Anthu 100 akalumikiza mafoni, imakwawa. Ndinaonapo mnzanga ataima mphindi zambiri akuyang'ana `pip install` ikuzungulira, anthu n'kuyamba kutuluka mmodzimmodzi kukayankha mafoni, ndipo chitsanzo chake chinali chabwino kwambiri. Choncho zonse muzitenge kunyumba.

Lembani `pip download "django==5.2.*" -d mapaketi`. Mu foda imeneyo mulowa Django ndi timapaketi timene imadalira, monga asgiref ndi sqlparse. Ngati mukutsitsa pa Linux kapena pa Mac, muwonjezere `pip download tzdata -d mapaketi`, chifukwa a Windows amaifuna ndipo m'holomo ambiri adzakhala a Windows. Poika popanda intaneti mumalemba `pip install --no-index --find-links=mapaketi django`. Mu foda yomweyo muikemo pulogalamu yoikira Python ya Windows, code ya chitsanzo chanu, ndi mabuku a Django, amene amapezeka pa webusayiti yawo ngati HTML kapena PDF. Tengani Django ya LTS, mtundu wosamalidwa kwa nthawi yaitali, monga 5.2 imene inatuluka mu Epulo 2025, ndipo muonetsetse kuti Python imene mwanyamula ndi yogwirizana nayo, kuyambira 3.10 kupita m'tsogolo.

Pogawira anthu foda imeneyi, fulashi yoyenda m'malaputopu 30 imabwerako ndi ma virus. Njira yabwino ndi karauta kakang'ono kapena MiFi, kopanda ngakhale bandulo. Lumikizani laputopu yanu, mulowe m'fodamo, mulembe `python -m http.server 9000`, ndipo aliyense wolumikiza pa Wi-Fi yomweyo akhoza kukopera zonse kudzera pa browser. Hotspot ya foni imagwiranso, kungoti imalola zipangizo zochepa.

Rauta yomweyo ndi imene imabweretsa gawo lokoma kwambiri. Yendetsani seva ndi `python manage.py runserver 0.0.0.0:8000`, muike adiresi ya laputopu yanu mu `ALLOWED_HOSTS`, mulembe adiresiyo pa bolodi ndi zilembo zikuluzikulu, ndipo anthu atsegule kaundula uja pa mafoni awo. Mukonzeretu akaunti imodzi ya alendo yololedwa kulembetsa mamembala okha. Dzina limene munthu walemba pa foni yake likatulukira pa pulojekita, ngakhale a kumbuyo amadzuka. Auzeni azimitse kaye data, chifukwa foni ikaona kuti Wi-Fi ilibe intaneti imakonda kuthawira ku netiweki ya kampani. Muyeserenso kunyumba ngati firewall ya laputopu yanu ikulola ena kulowa.

Sitepe iliyonse ya chitsanzo muisunge mu Git, pulogalamu yosungira mbiri ya code, ndi dzina lake, `gawo-1`, `gawo-2`, mpaka kumapeto, kuti chala chikaphonya mudumphire pa gawo loyenda. Jambulaninso kanema wa sikirini yanu mukumanga zonse, OBS Studio ndi yaulere, ndipo mumusunge pa laputopu ndi pa foni. Za magetsi, laputopu ikhale yodzaza, rauta ikhale pa power bank, ndipo musindikize mapepala ochepa okhala ndi code ija. Magetsi akazima, jenereta isanalire, gawani mapepalawo, muitane anthu ayandikire, mupitirize. M'chikwama musaiwale adaputa ya HDMI ndi VGA, chingwe chachitali cha magetsi, ndi madzi akumwa.

6. Ma slide ndi chilankhulo

Ma slide akhale ochepa, osapitirira khumi pa nkhani ya mphindi 30, chifukwa nthawi yambiri mudzakhala mu editor. Maholo ambiri ali ndi mawindo akuluakulu ndipo dzuwa la masana limafooketsa pulojekita, ndiye editor yakuda ija imene mumaikonda usiku siioneka. Sinthani ikhale yoyera, zilembo zikhale zazikulu, ndipo mupite nokha kumpando wakumbuyo mukaone ngati zikuwerengeka. WhatsApp ya pa laputopu muitseke, uthenga wa kunyumba usatulukire pakhoma.

Za chilankhulo, lankhulani mmene timalankhulira mu ofesi. Mawu monga model, server ndi database akhale momwemo, chifukwa ndi amene munthu adzawapeze m'mabuku ndi pa Google. Koma kufotokoza kwake, ngati m'holomo ndi Amalawi okhaokha, kukhale m'Chichewa. Ine framework ndimaifotokoza chonchi: muli ndi puloti ku Area 49, ndipo mwapeza maziko atathiridwa kale, mapaipi a madzi alowa, mawaya a magetsi ayalidwa, zitseko zili ndi maloko. Inu mukungomanga zipinda mmene banja lanu likufunira. Migration ndimati ndi kalata youza database kuti m'kope muja tawonjezera mzere. Mukaona mitu ikugwedezeka mwadziwa kuti zalowa. Ngati pali alendo akunja, ma slide akhale m'Chingerezi, mulankhule Chingerezi, koma pa mfundo yovuta mubwereze ndi chiganizo chimodzi cha Chichewa.

7. Yeserani mokweza mawu

Katatu konse, mutaimirira, wotchi ili patebulo, intaneti mutazimitsa. Kamodzi mwa katatuko pakhale munthu wosadziwa Django, mlongo wanu kapena mnzanu wa ku accounts, ndipo pamene wakwinya nkhope mulembepo chizindikiro. Konzani nkhaniyo m'misinkhu itatu: ya mphindi 30, ya 15 ndi ya 5. Mlendo wolemekezeka akachedwa, pulogalamu yonse imakankhika, ndipo amene amadulidwa nthawi ndi olankhula masana. Mukadziwiratu zodumpha, simudzathamanga ngati wothawa mvula. Chosadumphika ndi chitsanzo.

8. Tsiku lenilenilo

Fikani ola limodzi msonkhano usanayambe, mulumikize laputopu pa pulojekita, mumupatse moni wa zokuzira mawu ndipo mumudziwe dzina, chifukwa zikavuta ndi iye adzakuthandizeni. Malonje akhale aulemu koma aafupi: "Zikomo a wapampando, akuluakulu nonse, amayi ndi abambo." Dzina lanu, ntchito yanu, kenako kope lija m'mwamba ndi funso: "Ndani muno ali mu banki m'khonde, kapena akunyumba kwake alimo?" Manja adzakwera. Ngati mwapatsidwa nthawi yongochoka ku nsima, funso limeneli ndi gawo la mafoni lija muzibweretse msanga.

Polemba code muzinena chimene mukulemba ndi chifukwa chake. Error ikatuluka, musaitseke mothamanga. Iwerengeni mokweza, mufunse ngati wina waona pamene palakwika. Wophunzira akaona kuti tsamba lachikasu limene Django imatulutsa pakakhala error limanena mzere umene pali vuto, waphunzira chinthu chimene chidzamusunge usiku ali yekha. Ikakana kwa mphindi imodzi, dumphirani pa gawo lotsatira mu Git.

9. Mafunso: nenani zoona

Mafunso ake ndi omwewomwewo, ndiye mayankho muwakonzeretu. Wina adzati: "Poti ndi yaulere, ikavuta tikadandaule kwa ndani?" Muwauze kuti Django imayang'aniridwa ndi Django Software Foundation, bungwe losapanga phindu limene linakhazikitsidwa mu 2008, kuti mtundu watsopano umatuluka pafupifupi miyezi 8 iliyonse, ndipo wa LTS umalandira zokonza za chitetezo kwa zaka 3. Muwonjezere kuti wokonza webusayiti yawo ndi munthu amene amulemba ntchito, ndipo ubwino wake ndi wakuti akachoka, wina aliyense wodziwa Django akhoza kupitiriza, code sinatsekeredwe m'kabati ya kampani imodzi. Wina adzafunsa ngati angagulitse zimene wamanga. Inde, laisensi ya BSD imalola. Wina adzati code ikakhala poyera ndiye kuti akuba akuiona. Akuionadi, koma okonza akuionanso, ndipo Django imabwera ndi zotchinga za SQL injection, CSRF ndi XSS, pamene password imasungidwa yosokonezedwa, osati mmene munthu anailembera.

Funso la hosting, malo oikapo webusayiti pa intaneti, ndi limene limafuna mtima woona. Hosting yotchipa imene ambiri amagula inakonzedwera PHP, ndiye WordPress ndi Laravel zimakwera mosavuta. Django kawirikawiri imafuna VPS (seva yobwereka pa intaneti) kapena kampani yolola Python, kuika mapulogalamu a seva monga Gunicorn ndi Nginx, ndipo zambiri mwa izi zimalipiridwa m'madola, amene tonse tikudziwa mmene akuvutira kupeza. Nenani zimenezi momveka. `runserver` ija ndi yoyesera chabe, si yoikira webusayiti ya anthu. Chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere, ndipo munthu amene mwamubisira nyererezo akakazipeza yekha kunyumba sadzakukhulupiriraninso.

Padzapezekanso wokonda framework ina amene akufuna mpikisano. Musanyoze chida cha mnzanu. Muvomereze pamene chake chimaposa, munene chifukwa chimene inu munasankhira chanu, mupite kwa wina. M'dziko muno olemba code ndife ochepa, ndipo amene mwamuchititsa manyazi lero mudzakumana naye pa pulojekiti mawa. Funso limene simukulidziwa, nenani kuti mukafufuza, mulilembe iye akuona, ndipo mukamuyankhedi. Muyang'anenso kumene manja sakukwera. Atsikana ndi ophunzira a chaka choyamba nthawi zambiri amadikira mpaka anthu atabalalika, ndiye musathamangire kunyamula chikwama.

10. Musawalole apite chimanjamanja

Fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ngwa mphepo. Munthu wonena kuti akaika kunyumba nthawi zambiri sakaika, chifukwa bandulo yatha, kapena Python yakana pa sitepe yoyamba ndipo panalibe womufunsa. Pemphani wokonza msonkhano tebulo limodzi pakona pa nthawi ya tiyi, mukhale pamenepo ndi rauta ija ndi anzanu awiri odziwa, muike Django pa laputopu iliyonse imene yabwera. Vuto lofala pa Windows ndi loiwala kudina kabokosi koika Python pa PATH poyamba penipeni, ndiye muzikayang'anira kameneko. Munthu asachoke patebulopo asanaone tsamba lolonjera la Django pa browser yake.

Slide yomaliza ikhale ndi QR code ziwiri, ina yopita ku GitHub kumene kuli code ndi malangizo, ina yolowera gulu la WhatsApp, ndipo ikhalebe pakhoma nthawi yonse ya mafunso. Gulu lopanda tsiku lokumana limafa msanga, ndiye tsikulo mulilengeze muli pa nsanja pomwepo, lisapitirire sabata ziwiri. Loweruka m'mawa, malo ofikirika pa minibasi, okhala ndi masoketi okwanira. Pa kukumana kumeneko mungagwiritse ntchito phunziro laulere la Django Girls, gulu limene Ola Sitarska ndi Ola Sendecka anayambitsa mu 2014, lolembedwera munthu amene sanagwirepo code. Mukafuna kukonza tsiku lonse la maphunziro, Django Software Foundation imalandira mapempho a thandizo la ndalama pa zochitika zotere. Ilinso ndi malamulo a kagwiritsidwe ntchito ka dzina ndi chizindikiro cha Django, ndiye muwawerenge musanasindikize ma T-shirt.

Ena adzafunsa mmene angathandizire Django yeniyeniyo. Auzeni kuti si code yokha. Mawu a mu admin amamasuliridwa ndi anthu odzipereka kudzera pa Transifex, ndipo pa mndandanda wa zilankhulo zake Chiswahili chilipo, Chiigbo chilipo, Chichewa palibe. Imeneyi ndi ntchito imene mphunzitsi wa Chichewa ndi wolemba code angakhalire pansi limodzi. Ofuna code akhoza kuyamba ndi matikiti osavuta pa code.djangoproject.com, kapena kufunsira malo mu Djangonaut Space, pulogalamu imene imapatsa oyamba kumene munthu wowatsogolera.

Usiku wa tsiku la msonkhano, mutu usanazizire, lembani mafunso onse amene anafunsidwa ndi chiwerengero cha malaputopu amene munaikapo. Pa kukumana kwachiwiri kuja muyang'ane amene wasintha chitsanzo chanu kukhala china chake, mwina kaundula wa kwaya kapena wa nkhuku za mayi ake. Ameneyo mumupemphere mphindi 5 pa msonkhano wotsatira, mukhale naye Loweruka limodzi ayesere katatu intaneti itazimitsidwa, ndipo pa tsikulo mumubwereke rauta ndi adaputa, inu mukhale mzere wakutsogolo.